Sukulu ya pansi pa nyanja: zomwe malemu Stuart Grant ndi madaiva awo adatisiyira

Ukaima pamchenga wa ku Makokola m'mawa nyanja ili bata, maso amakathera pa chilumba cha Boadzulu, chomwe miyala yake idayera mbuu ndi zitosi za mbalame. Alendo a kumahotela amapita kumeneko pa boti kukaona nkhwazi zikuwakha nsomba. Ochepa okha ndiwo amadziwa kuti m'mipata ya miyala yomweyo, pansi pa madzi, mumakhala kansomba kofiirira mwa dzimbiri komwe sikapezeka kwina kulikonse padziko lapansi, kupatula pa Boadzulu, pa Chinyankwazi, pa Chinyamwezi ndi pamiyala ina yochepa ya kumwera kuno. Akatswiri adakapatsa dzina mu 1972, Iodotropheus sprengerae, polemekeza mayi wina wa ku California, Kappy Sprenger, amene ankaweta nsomba m'mabokosi a galasi kunyumba kwake. Lero zidzukulu za kansombaka zikusambira m'nyumba za anthu ku Germany, ku Japan ndi ku America.

Kansomba kotere sikagwidwa ndi mbedza, ndipo chilimira akakakola kamafika kumtunda katafa. Kuti kafike kutsidya kwa nyanja zamchere kali moyo, pamafunika munthu woti alowe pansi pa madzi, akapeze pomwe kamabisala, akakakuse mofatsa mpaka kalowe mu ukonde, kenaka akakweze osakaphulitsa mimba. Ntchito imeneyo ndi luso, ndipo luso limakhala ndi kumene lidaphunziridwa. M'Malawi muno, malo amodzi omwe anyamata a m'mbali mwa nyanja adaliphunzira kwa zaka zoposa 30 ndi pakhomo pa malemu Stuart Grant, ku Kambiri Point, kufupi ndi Senga Bay m'boma la Salima.

A Grant adali mzungu wa ku Britain amene adafika kuno akadali mnyamata, dziko lino likutchedwa Nyasaland, ndipo adayamba agwira ntchito m'boma. Malonda otumiza kunja nsomba zokongoletsa adawayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Sadali oyamba ayi. Padali kale ena, monga Peter Davies ndi mkazi wake Henny, omwe maina awonso adatsalira pa nsomba ziwiri za m'nyanja yathu. Koma enawo adabwera n'kupita, pomwe a Grant adakhazikika, adakwatira kuno, ndipo adagwira ntchitoyi mpaka imfa yawo mu Okutobala 2007. Pofika nthawiyo, katswiri wa nsomba kapena wojambula zithunzi za pansi pa madzi akamabwera ku Malawi, kawirikawiri ulendo wake unkadzera pa Kambiri, ndipo amene ankamutsogolera pansi pa nyanja adali Amalawi ogwira ntchito pamenepo.

Mwana wa kunyanja kusambira saphunzitsidwa ndi munthu. Pa Makawa, pa Namiasi kapena pa Mpemba, ana amakulira m'madzi, ndipo mnyamata wa zaka 10 amatha kudumpha m'bwato, kulowa pansi n'kutuluka ndi mchenga m'manja kuti anzake aone kuti wafikadi. Koma kulowa ndi mpweya wa m'chifuwa mwako n'kosiyana kutalitali ndi kulowa ukupuma mpweya wa makina, ndipo pa kusiyana kumeneku mpomwe pagona moyo ndi imfa.

Madaiva ogwira nsomba zokongoletsa amagwiritsa ntchito kompresa yomwe imakhala m'boti. Kuchoka pa kompresapo pamatsika paipi yaitali, ndipo daiva amaluma kumapeto kwake n'kumapuma. Kumaso amavala galasi lophimba maso ndi mphuno, kumapazi zopalasira. Phunziro loyamba ndi la makutu. Munthu akangotsika mamita awiri kapena atatu, madzi amayamba kukanikiza m'makutu, ndipo ululu wake umabaya. Wosadziwa amalimba mtima n'kupitirira, mapeto ake khutu limabooka. Wodziwa amatsina mphuno n'kuuzira pang'ono mpaka m'makutu mumveke kuti thu, ndipo amatero mobwerezabwereza pamene akutsika, ululu usanayambe. Tsiku lomwe ali ndi chimfine salowa.

Phunziro lachiwiri ndi loopsa kwambiri chifukwa limatsutsana ndi zonse zomwe mwana wa kunyanja adazolowera. Iye adakula akudziwa kuti pansi pa madzi umagwira mpweya. Pa paipi, kugwira mpweya pokwera n'kudzipha. Pa mamita 10, mphamvu yokanikiza thupi imakhala yowirikiza kawiri poyerekeza ndi ya pamwamba. Choncho mpweya womwe wadzaza m'mapapo uli pansipo umafufuma kawiri ukamafika pamwamba, ndipo ngati sukuutulutsa umang'amba mapapo. Ndiye mnyamata amene wachita mantha, kaya paipi yapindika kaya injini yazima, thupi lake limamuuza kuti atseke pakamwa athamangire kumwamba. Ntchito ya mphunzitsi ndi kuchotsa chizolowezi chimenecho mpaka mnyamatayo azitha kukwera modekha, thovu likutuluka m'kamwa, ngakhale mtima ukugunda.

Palinso mdani wina wosaoneka. Munthu akakhalitsa pakuya, mpweya wa nayitrojeni umalowerera m'magazi ndi m'minofu. Akakwera mofulumira, mpweyawo umachita thovu m'thupi monga zimachitira ukatsekula botolo la zakumwa mwadzidzidzi, ndipo munthu amatha kumva kupweteka m'mfundo, kuchita dzanzi, kufa ziwalo kapena kumwalira kumene. N'chifukwa chake daiva wabwino amawerengera nthawi, amakwera pang'onopang'ono, ndipo amaima kaye chapafupi ndi pamwamba asanatulutse mutu. Wotsala m'boti nayenso ali ndi moyo wa mnzake m'manja. Ayenera kuonetsetsa kuti utsi wa injini sukulowera komwe kompresa imakokera mpweya, pakuti utsiwo umagonetsa munthu ali pansi osazindikira kanthu. Mphepo ikatembenuka boti n'kuzungulira, ndi iyeyo woyenera kuona.

Chomwe chimandigwira mtima pa ntchitoyi n'chakuti nsomba nayonso imafuna chisamaliro chomwecho. Mbuna ndi zinzake zili ndi kathumba ka mpweya m'mimba kowathandiza kuyandama. Nsomba yogwidwa pakuya ukaikweza nthawi imodzi, kathumbako kamafufuma, mimba imatupa, ndipo imafika pamwamba ikuyandama chagada. Asodzi a kumwera kuno amaziona zimenezi pa nsomba zotuluka m'makoka a m'madzi akuya. Choncho madaiva amaika nsombazo mumgolo wobowolabowola n'kuusiya pansi pomwepo womangidwa ku chingwe. Mawa lake amabwera kudzaukweza pang'ono, mkuja chimodzimodzi, mpaka patapita masiku angapo mpomwe mgolowo umafika pamwamba. Munthu wopupuluma sangaithe ntchito imeneyi. Kagwiridwe kake nakonso n'kofuna kuleza mtima: amatchera kaukonde ka maso aang'ono pakati pa miyala, amasankha nsomba yomwe akuifuna pakati pa mazanamazana, n'kumaikusa ndi manja pang'onopang'ono mpaka ikagunde ukondewo.

Kuti usankhe, uyenera kudziwa. Apa mpomwe sukulu ya pa Kambiri idaposa kungophunzitsa kupuma pa paipi. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse padziko, ndipo akatswiri amayerekeza kuti ya m'banja la chambo ndi mbuna yokha ndi pakati pa 700 ndi 1,000. Mbuna zimakonda miyala ndipo sizikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya. Yaikazi imasunga mazira m'kamwa pafupifupi masabata atatu, n'kulavula ana pamiyala pomwepo. Mwa njira imeneyi, chilumba chilichonse ndi mulu uliwonse wa miyala zidakhala ndi mitundu yakeyake. Ya pa Mbenji si ya pa Maleri, ya pa Thumbi si ya pa Likoma. Wogula wa ku Ulaya akaitanitsa nsomba, amatchula mtundu ndi malo ake omwe. Daiva amene watumidwa ayenera kudziwa mwala wake, kuya kwake, kusiyanitsa yaimuna ndi yaikazi, ndi kusiyanitsa mitundu iwiri yomwe kwa ine ndi inu ingaoneke yofanana. Magulu a a Grant ankagwira ntchito mpaka kumpoto ndi kuzilumba za Likoma ndi Chizumulu, ndipo nsomba zikafika pa Kambiri zinkasungidwa m'matanki zisanaikidwe m'mapepala a pulasitiki okhala ndi madzi ndi mpweya, n'kukwezedwa ndege.

Mwa madaiva onsewo, mmodzi ndiye dzina lake lidalowa m'mabuku a sayansi moti silidzafufutika. Ndi a Saulos Mwale. Mu 1987 akatswiri atatu a ku Germany, Meyer, Riehl ndi Zetzsche, adatcha nsomba ina Aulonocara saulosi powalemekeza. Mu 1990 Ad Konings, katswiri wa ku Netherlands amene walemba mabuku ambiri a nsomba za m'nyanja yathu, adatchanso ina Pseudotropheus saulosi, yomwe kuyambira 2016 imadziwika kuti Chindongo saulosi. Kachiwirika n'kokongola zedi. Kakakazi n'kachikasu chowala, kakamuna n'kobiriwira mwa mtambo ndi mizere yakuda, ndipo sikafika ngakhale masentimita 10. Kwawo ndi kumodzi kokha, pa Taiwanee Reef, mulu wa miyala womwe uli pakati pa nyanja kufupi ndi Chizumulu ndipo suonekera pamwamba pa madzi. Oweta nsomba ku Berlin kapena ku Chicago amatchula dzina loti saulosi tsiku ndi tsiku. Kuno kwathu, mwana wa sekondale ku Mangochi angamalize Fomu 4 osamvapo kuti kuli Mmalawi amene nsomba ziwiri zidatchedwa dzina lake chifukwa cha maso ake ndi luso lake pansi pa madzi. Zimenezi zimandiwawa.

A Grant nawo ali ndi zawo. Kuli Aulonocara stuartgranti ya mu 1985 ndi Iodotropheus stuartgranti ya mu 1990, yomwe ndi mbale wa kansomba kathu ka pa Boadzulu. Mayi a kunyumba kwawo, a Esther, dzina lawo lili pa Metriaclima estherae, yomwe oweta amaitcha red zebra. Ukaunjika maina onse a anthu omwe adapatsidwa nsomba za m'nyanja ino, upeza azungu ambirimbiri, ogulitsa, olemba mabuku, akazi awo ndi anzawo, pomwe Amalawi ndi owerengeka. Komatu pafupifupi ulendo uliwonse wa akatswiriwo udali ndi Mmalawi woyendetsa boti, wodziwa komwe kuli mwala, wotsika ndi ukonde. Sindikunena izi pofuna kuchepetsa ntchito ya alendowo. Mabuku awo ndiwo adachititsa kuti dziko lapansi lidziwe chuma chomwe tili nacho, ndipo kafukufuku wa Tony Ribbink ndi anzake, wofalitsidwa mu 1983, adachitika pa nthawi yomwe boma linkakhazikitsa malo otetezedwa a Lake Malawi National Park mu 1980, omwe UNESCO idawaika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984. Kungoti mbiri yake imakambidwa mbali imodzi.

Malonda a nsomba zokongoletsa ali ndi mlandu wawo, ndipo pokamba za a Grant sitingaulambalale. Luso lomwe limathandiza munthu kupeza kansomba kosowa ndi lomwenso lingakathe psiti. Mtundu womwe dziko lake lonse ndi mulu umodzi wa miyala sungapirire kugwidwa chaka ndi chaka. Chindongo saulosi atatchuka kunja, ogwira nsomba osiyanasiyana adapitako mobwerezabwereza mpaka chiwerengero chake chidatsika moopsa, ndipo bungwe la IUCN lidamuika m'gulu la zamoyo zomwe zatsala pang'ono kutheratu. Melanochromis chipokae wa pamiyala ya Chidunga, kufupi ndi Chipoka, adaona zomwezo. Boadzulu ndi wotetezedwa ku malondawa chifukwa ali m'kati mwa paki, momwe lamulo limaletsa kugwira nsomba pamtunda wa mamita 100 kuchoka kugombe la chilumba.

A Grant atamwalira, Konings ndi anzake adakhazikitsa thumba lotchedwa Stuart M. Grant Cichlid Conservation Fund, lomwe oweta nsomba a m'maiko akunja amasonkherako. Ntchito yake ina idali kuweta ana a saulosi m'matanki a pa Kambiri pomwepo n'kukawabwezera pa Taiwanee Reef, zomwe zidayamba mu 2013. Malo omwe adadziwika ndi kutulutsa nsomba m'nyanja adayamba kuzibwezeramo, ndipo ofunika pa ntchito yobwezerayo adali omwewo odziwa kutsika ndi chidebe mpaka pamwala woyenera. Ntchito ina idali kuika zitsulo zokola maukonde mozungulira zilumba za Maleri, zomangidwa pansi pa madzi, kuti wosodza mozemba m'malo otetezedwa ukonde wake ukodwe. Apa mtima wanga umagawikana. Ndikudziwa kuti chilimira chokokedwa pamiyala chimasesa mitundu yomwe sidzabwereranso. Ndikudziwanso kuti ukonde umodzi ndi mpamba wa banja lonse, ndipo alovi omwe amagwirapo alibe munda wina. Chitsulo chimang'amba ukonde, koma sichiuza msodzi chifukwa chake. Pa Mbenji, komwe mafumu a kwa Makanjira ku Salima akhala akutseka ndi kutsekula usodzi kwa zaka zambirimbiri, anthu amamvera chifukwa lamulolo ndi lawo ndipo phindu lake amaliona m'mabwato mwawo.

Kumwera kuno tili ndi madaiva enanso omwe sadadutse pa Kambiri ndipo palibe adawalembapo m'buku la zithunzi. Pa nyanja ya Malombe, ukonde wa nkacha sugwira popanda munthu wolowa pansi. Maboti awiri akazungulitsa ukonde, mmodzi mwa alovi amadumphira m'madzi ndi mpweya wa m'chifuwa mwake basi, n'kukasonkhanitsa ndi kumanga mbali ya pansi ya ukondewo kuti kambuzi asathawire kunsi. Amachita zimenezo m'madzi a matope momwe maso sathandiza kwenikweni, akufufuza ndi manja, ukonde uli mbali zonse, ndipo amabwereza ulendo uliwonse akaponya. Chala kapena phazi likakodwa, ali ndi timphindi tochepa. Mphunzitsi wake ndi mkulu wake kapena amalume ake omwe adaigwirapo ntchitoyo. Anthu amenewa amadziwa mmene pansi pa Malombe pasinthira kuyambira pomwe chambo chidayamba kusowa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, chifukwa adakhudza ndi manja awo pomwe padali udzu wa m'madzi n'kupeza matope okhaokha. Ma Beach Village Committee atayamba mu 1993 cholinga chidali chakuti mawu a asodzi azimveka pa kasamalidwe ka nyanja. Mawu a wolowa pansi ayenera kukhala oyamba kufunsidwa pabwalo lotero.

Zomwe zili pansi pa madzi zimatikhudza ngakhale ife osalowako. Ku Chembe, ku Cape Maclear, Jay Stauffer wa ku Penn State University ndi anzake adaonetsa kuti nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa cha makoka a m'mphepete, nkhono zofalitsa likodzo zidachuluka m'madzi momwe ana amasamba ndi amayi amachapa. Kuti adziwe zimenezi padafunika anthu otsika pansi, kuwerenga nsomba ndi kutola nkhono, chaka ndi chaka pamalo omwewo. Chambo nachonso, chomwe IUCN mu 2018 idati mitundu yake ili pangozi yaikulu, chimaswana m'zisa zomwe chachimuna chimakumba pamchenga pansi pa nyanja. Tikamatseka nyanja mu Novembala ndi Disembala timatetezera zisa zimenezo, koma ambiri mwa okhazikitsa lamulolo ndi olitsatira sadazionepo ndi maso. Mwana amene wavala galasi kamodzi n'kuona chambo chachimuna chikulondera chisa chake, kapena mbuna yaikazi itatupa masaya ndi ana m'kamwa, safunanso kulalikidwa za kuipa kwa ukonde wa neti ya udzudzu.

Boma la Mangochi lili ndi pafupifupi zonse zofunika kuti luso limeneli likhale ndi kwawo. Pa Mpwepwe pali Malawi College of Fisheries. Ku Monkey Bay kuli ofesi ya kafukufuku wa nsomba, sukulu ya za sitima ndi asilikali a pamadzi. Ku Cape Maclear kuli malo ophunzitsa alendo kulowa pansi ndi mabotolo a mpweya, ngakhale mtengo wake mwana wa msodzi sangaufikire. Tilinso ndi akatswiri athuathu a nsombazi, monga a Bosco Rusuwa a ku University of Malawi. Chosowa ndi mlatho pakati pa zonsezi ndi mnyamata kapena mtsikana wa pa sekondale yoyendera ya m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, amene amasambira bwino kuposa mlendo aliyense wa kuhotela koma sadavalepo galasi. Kalabu ya zachilengedwe pasukulu yotere, magalasi khumi, mphunzitsi mmodzi wodziwa za makutu ndi kapumidwe, ndi Loweruka limodzi pamwezi nyanja ikakhala bata, mwera usanayambe mu Meyi kapena utaleka mu Seputembala, n'zokwanira poyambira. Mwa ana otero ndimo mungachoke otsogolera alendo, alonda a paki, othandiza pa kafukufuku, ndi opulumutsa anzawo bwato likagubuduka.

Aphunzitsi ake alipo, koma zaka zikupita. Amene adali anyamata pa Kambiri m'zaka za m'ma 1980 tsopano ndi agogo. M'mitu mwawo muli mapu a miyala ya pansi pa nyanja kuyambira kumwera mpaka ku Chilumba, nyengo yomwe madzi amayera pamalo alionse, ndi mitundu yomwe idali yambiri kale pomwe lero yachepa. Zina mwa izo zidalowa m'mabuku a Konings m'Chingerezi ndi m'Chijeremani, koma zambiri sizidalembedwe, ndipo m'Chichewa kapena m'Chiyao mulibe. Ophunzira a pa Mpwepwe amalemba kafukufuku asanamalize maphunziro awo. Ena mwa iwo atumidwe ku Senga Bay, ku Likoma ndi kumadooko a pa Malombe ndi foni yojambulira mawu, akakhale pansi ndi akuluakuluwa, awafunse mwala ndi mwala, ndipo omwe akadali ndi mphamvu aitanidwe kukoleji kudzaphunzitsa, alipidwe monga aphunzitsi.